Maimelo a loji yathu patapita miyezi chisamutsireni domain

Chisamutsireni domain (dzina la pa intaneti la webusayiti ndi maimelo) ya loji yathu ya ku Likhubula ku seva yatsopano (kompyuta yosunga webusayiti ndi maimelo), yadutsa nyengo yonse ya alendo okwera phiri la Mulanje, ndipo tsopano ndingathe kunena motsimikiza kuti kusamukako kunali koyenera, ngakhale kuti maimelo anachedwa kukhazikika poyerekeza ndi webusayiti.

Kampani yomwe imatisungira domain tsopano inatilangiza kutsitsa TTL (nthawi yomwe makompyuta ena amasunga uthenga wa komwe domain ili asanafunsenso) kufika pa masekondi 300 tisanasinthe MX record, yomwe imalozera makalata ku seva yoyenera. Izi zinathandiza, komabe m'masiku oyambirira makalata ena ankagwerabe ku seva yakale, choncho tinailipira mwezi wina wowonjezera. Ndalamayo ndi yochepa poyerekeza ndi kutaya gulu la alendo ofuna kukafika pa Sapitwa chifukwa choti kalata yawo sinayankhidwe.

Chomwe chandikondweretsa kwambiri ndi kuchoka pa POP3 kupita pa IMAP, zomwe ndi njira ziwiri zolandirira makalata. Kale makalata ankatsitsidwa pa kompyuta ya mu ofesi n'kufufutika pa seva, moti magetsi akathima palibe ankadziwa kuti mlendo wapempha chiyani. Lero makalata amakhala pa seva, ndipo a manijala akakhala kuti akugula katundu pa Chitakale amayankha pa foni, ife mu ofesi n'kuona yankho lomwelo mu Outlook. Makalata akale aja tinachita kuwakweza tokha kuchokera pa kompyutayo, popeza pa seva yakale panalibe choti n'kukopera.

Vuto lenileni linali pa makalata otuluka. Kuyambira mu February 2024, Gmail imafuna kuti aliyense wotumiza makalata akhale ndi SPF kapena DKIM, zomwe ndi njira zotsimikizira kuti kalata yachokeradi ku domain yake, koma SPF record yathu inkatchulabe seva yakale ndipo DKIM inali isanayatsidwe. Mayankho athu ena ankabwezedwa, ena ankagwera mu spam, alendo n'kumaganiza kuti sitikuwalabadira. Apa kampani yatsopanoyo sinachite bwino, chifukwa zimenezi zimayenera kukonzedwa tsiku losamuka lomwelo, osati kudikira kuti kasitomala adandaule. Chizikonzereni, makalata athu akufika bwinobwino.

Chaka chikatha tidzalipiranso, koma tidzapempha malo okulirapo osungira makalata, chifukwa pa IMAP zithunzi ndi marisiti omwe alendo amatumiza zimadzadza bokosi msanga, ndipo likadzaza makalata atsopano amakanidwa.