Miyezi 14 ndi pikapu yanga: rediyeta inandiphera giyabokisi

Mnzanga amene timagwira naye ntchito anandiimbira usiku wathawu kuti wapeza pikapu ya otomatiki yofanana ndi yangayi ndipo akufuna apereke ndalama sabata yamawa, nde amafuna ndimuuze ngati ndi galimoto yabwino. Ndinayamba kumufotokozera koma nkhani inatalika mpaka foni yake kutha moto, ndiye ndati bola ndilembe zonse mwachifatse, iye awerenge, ndi ena onse amene akuganiza zogula galimoto ya mtunduwu awerengenso asanatulutse ndalama m'thumba.

Ndinaigula yogwiritsidwapo kale, itayenda makilomita 148,000, pano ili pa 179,000 ndi kanthu. Zabwino zake ndisazibise ayi. Injini ndi yamphamvu, sindinaitsegulepo, sidya oyilo. 4x4 imalowa osavuta, m'matope imatuluka. Kumbuyo imanyamula katundu wambiri osagwada. Mabuleki ndasintha kamodzi, mashoko akutsogolo kamodzi, zimenezo ndi za galimoto ina iliyonse. Mafuta imamwa ndithu koma ndinkadziwa kale pogula. AC imazizira mpaka pano. Basi, zimenezo ndathana nazo, nkhani yeniyeni ndi ya giyabokisi.

Zinayamba mwezi wa 9 chiigulireni. Ndikafika pa 60 kapena 70 pa msewu wosalala, phazi nditangoligwiritsa pang'ono pa mafuta, ili pa giya yapamwamba, galimoto imanjenjemera kwa masekondi awiri atatu ngati ndaponda timizere tokhakhala tija amaika pamsewu kuti uchepetse liwiro. Ukaponda kwambiri zimasiya. Ine ndinati ndi matayala. Ndinakapangitsa balansi, sizinasinthe. Wina anati ndi propshaft, chitsulo chachitali chija chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo, tinaiyang'ana, inali bwinobwino. Nthawi yomweyo madzi a mu rediyeta amatsika pang'onopang'ono, ndimathira kapu imodzi pa masabata awiri, koma pansi pamene ndimaimika panalibe dontho ngakhale limodzi. Izi ziwiri sindinaziphatikize m'mutu, ndipo palibe amene anandiuza kuti ndi matenda amodzi. Ndinayenda nayo choncho pafupifupi masabata asanu.

Kenako m'mawa ukaika pa D imayamba yaima kaye, uwerenge mpaka 3, kenako ndi pamene imagwira ndi kugunda. Livesi chimodzimodzi. Tsiku lomaliza ndinali nditanyamula katundu wa kasitomala, ndikukwera kamtunda kosatalika nkomwe, ndinangomva injini ikulira, muvi wa rev ukukwera koma galimoto osapita. Ndinaimika pambali, kuzimitsa, kudikira, kulizanso, inayenda mamita mwina 200 n'kuterereka kachiwiri. Pamenepo ndinaitana yodzaikoka.

A makaniko anga, bambo achikulire amene akhala akukonza ma otomatiki zaka zambiri, sanayambire ku giyabokisi nkomwe. Anadikira injini izizire, n'kutsegula kabotolo ka pulasitiki kosungira madzi kaja kamene kali pambali pa rediyeta, anati bwerani muone bambo. Mkati munalibe madzi obiriwira amene ndimathira aja. Munali phala la pinki lotuwira, la thovu, ngati mkaka umene wasakanizidwa ndi zofiira. Anapisamo chala n'kundipaka padzanja, linali loterera, lonata, fungo lake lotsekemera koma la oyilo wopserera. Pansi pa chivindikiro cha rediyeta panali zomwezo zitaundana. Atamasula bawuti ya pansi pa giyabokisi, oyilo amene amayenera kutuluka wofiira woonekera anatuluka wa mtundu womwewo wa pinki. Anangopukusa mutu n'kunena kuti pepani, iyi yamwa madzi kalekale.

Ine sindinkamvetsa kuti madzi a mu rediyeta angafike bwanji mu giyabokisi, zinthu zotalikirana chonchija. Anachotsa rediyeta n'kudula thanki yake ya pansi kuti ndione ndi maso. Mkati mwa thankiyo muli kachipangizo kachitsulo kotalika ngati mkono, amati cooler. Oyilo wa giyabokisi amachoka kumbuyo kudzera m'mapayipi awiri ang'onoang'ono, amalowa m'kachipangizoka, kamene kamakhala komira m'madzi a rediyeta, n'kubwerera atazizira. M'mawa kukazizira madzi omwewo amathandiza kutenthetsa oyiloyo kuti afike msanga pabwino. Pakati pa oyilo ndi madzi pali khoma lachitsulo lopyapyala ndi timarabala basi. Kachipangizo kangako kanali katang'aluka polumikizira, mng'alu waung'ono woti mpaka anachita kuunikira ndi tochi kuti ndiuone.

Ndipo mmene amafotokozera, kuipa kwake n'koti zimalowerana mbali zonse ziwiri. Injini ikamalira, oyilo amakhala ndi mphamvu ndiye amakankhira mu rediyeta. Ukazimitsa, pampu ya giyabokisi yaima koma madzi otentha aja akadali ndi presha yake, chivindikiro cha rediyeta chimasunga pafupifupi 1 bar, ndiye madziwo amakankhira mu payipi ya oyilo. Ndiye kuti tsiku lililonse ndikafika pakhomo n'kuzimitsa, giyabokisi imamwa pang'ono usiku umenewo. Madzi amene ndimati akusowa aja amapita kumeneko.

Atatsegula giyabokisi anandiitananso. Mkati mwa otomatiki muli timbale ta kilatchi tambirimbiri tosanjikizana, ndipo pa kambale kalikonse anamatapo kachikopa kokhala ngati pepala lolimba, ndiye kamene kamagwira. Kachikopako sikagwirizana ndi madzi, makamaka mankhwala a glycol amene ali mu coolant, madzi obiriwira a rediyeta aja, guluu wake amasungunuka. Anatenga kambale kamodzi n'kukanda ndi chikhadabo, chinangosendeka ngati katoni yonyowa, kutsala chitsulo chokhachokha. Tina tinali titasendeka kale tokha ndipo zinyenyeswa zake zinatseka sefa. Kunjenjemera kwa pa 60 kuja anati inali kilatchi ya mkati mwa torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokisi, ikulephera kugwira bwino, ndiye chizindikiro choyamba chimenecho. Valve body, imene imawongolera oyilo posintha magiya, nayo inali ndi dzimbiri, ndipo poti pa giyabokisi imeneyi kakompyuta kake kali mkati momwemo mu oyilo, nako kanali kataonongeka.

Ndinawafunsa kuti bwanji osangotsuka n'kuthira oyilo watsopano, poti ndimaona ndalama zikuuluka. Anati zimenezo zimatheka mwa apo ndi apo ngati wazigwira masiku oyambirira enieni isanayambe kuterereka, ndipo ngakhale pamenepo palibe amene angakulonjeze, chifukwa kachikopa kaja kakanyowa kamapitiriza kusendeka ngakhale oyilo akhale woyera. Anati ndikhoza kukutsukirani lero mundilipire, koma mubweranso pakatha miyezi iwiri mutakwiya nane. Ndinawalemekeza pa mawu amenewo.

Ndiye zimene zinachitika ndi izi: giyabokisi anaimanganso ndi makilatchi ndi masili atsopano, torque converter ina, valve body ina pamodzi ndi kompyuta yake, rediyeta yatsopano, thermostat yowongolera kutentha kwa injini, mapayipi onse a rabala a madzi chifukwa oyilo amafufumitsa rabala mpaka kufewa, ndi kutsuka njira za madzi mu injini maulendo anayi mpaka madzi kutuluka oyera, ndi ku hita komwe. Galimoto inakhala ku garaja masabata atatu kudikira zipangizo. Bilu yonse inafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene ndinagulira galimoto, osawerengera ntchito zimene ndinataya masabata atatuwo. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti pa bilu yonseyo rediyeta inali m'gulu la zinthu zotchipa kwambiri. Ndikanaisintha tsiku limene ndinagula, bwenzi zonsezi kulibe.

Sindinafune kuti zibwerezenso ndiye tinagwirizana kuti oyilo asadzadutsenso mu rediyeta. Anamanga cooler yapayokha kutsogolo, yoziziritsidwa ndi mphepo, n'kutseka timabowo tiwiri ta pa rediyeta yatsopanoyo. Anandichenjeza kuti njira imeneyi ili ndi mbali yake, oyilo amachedwa kutentha kukazizira kwambiri, komanso cooler ikakhala yaing'ono ndipo ukukoka ngolo yolemera pamtunda oyilo akhoza kutentha mopyola, nde anasankha yokulirapo n'kundiikira kageji kuti ndiziona kutentha kwa oyilo. Nthawi zambiri kamakhala pakati pa madigiri 75 ndi 90, ndikanyamula zolemera pachitunda kamakwera pang'ono n'kutsikanso. Kuchokera pamenepo ndayenda makilomita pafupifupi 9,000, magiya akulowa mofewa kuposa tsiku limene ndinaigula, ndipo ndi zimenezo zimene zinayamba kundikayikitsa za amene anandigulitsa.

Bambo amene anandigulitsa ali ndi malo awo ogulitsira galimoto, ndipo pogula tinagwirizana waranti ya miyezi itatu pa injini ndi giyabokisi. Tsiku logulalo anandionetsa monyadira kuti oyilo wa giyabokisi angosintha kumene, ndi madzi a rediyeta omwe atsopano, ine ndinasangalala kuti ndapeza anthu osamala. A makaniko anga atamva zimenezi anangoti mwina kunali kusamala, mwinanso kunali kutsuka umboni, iwo sangalumbire. Anandiuzanso kuti vutoli ndi lodziwika kwambiri pa mapikapu ena opangidwa pakati pa 2005 ndi 2010, moti ku America kampani yowapanga inachita kutalikitsa waranti ya rediyeta kufika zaka 8 kapena mamailosi 80,000 anthu atadandaula kwambiri. Nde munthu amene ntchito yake ndi kugulitsa galimoto tsiku ndi tsiku, zimenezi sakanazidziwa? Mawu amodzi okha akanakwana, akanangoti bambo rediyeta iyi ndi yakale mukaisinthe, ine ndikanasintha ndi ndalama zanga osadandaula.

Ndinapita komweko nditatenga kabotolo ka phala lija ndi kambale kamodzi kosendeka, ndinaziika pa tebulo pawo. Poyamba anati achimwene waranti inatha miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, komanso mwina munkathira madzi a pampopi m'malo mwa coolant. Mtima unandipweteka chifukwa malisiti a coolant ndinali nawo m'galimoto, ndinakatenga n'kuwaonetsa. Tinakangana ndithu mpaka makasitomala ena kuyamba kumvetsera, ndi pamene anatsitsa mawu n'kundilowetsa mu ofesi. Pamapeto anavomera kulipira rediyeta ndi ndalama ya yokoka ija, ndipo izo anaperekadi sabata yomweyo, ndisawanamizire. Analonjezanso theka la ndalama ya ntchito ya a makaniko. Imeneyo ndi miyezi inayi tsopano, ndikaimba amati bizinesi yavuta mwezi uno, tionana kumapeto kwa mwezi. Mwalamulo mwina alibe mlandu, pepala limati miyezi itatu ndipo ndinasaina ndekha, koma analonjeza ndi pakamwa pawo pamaso pa wantchito wawo.

Masiku ena ndikamayendetsa m'mawa, injini ikulira bwino, magiya akusintha osamveka, ndimati galimoto iyi sindingaigulitse olo wina abwere ndi ndalama zambiri, poti chimene chimaipha ndachichotsa ndipo ndikuidziwa mkati ndi kunja. Masiku ena, makamaka ndikamabweza ngongole imene ndinatenga kuti ndilipire ku garaja, ndimawerengera n'kuona kuti ndalama yogulira kuphatikiza yokonzera zikanandigulira ina yatsopanoko, kapena ya manyuwo imene ilibe nkhani zimenezi, ndiye ndimaipidwa nayo tsiku lonse. Zonse ziwiri ndi zoona ndipo sindinasankhebe.

Kwa iwe mnzanga amene unandifunsa, ndikuti pita ukaione m'mawa injini isanalizidwe, osalola akutenthetsere usanafike. Tsegula chivindikiro cha rediyeta ili yozizira, ikatentha usayerekeze chifukwa madzi ake amawotcha koopsa, uyang'ane pansi pa chivindikirocho ndi m'kabotolo ka pambali. Ukaona chilichonse cha pinki, cha thovu kapena timadontho ta oyilo tikuyandama, tseka boneti uzipita. Oyilo wa giyabokisi umuone pa kansalu koyera, ngati ilibe dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja, a makaniko amasule pang'ono atulutseko. Finya mapayipi a madzi, akakhala ofewa ngati afufuma ndiye kuti mwina munadutsapo oyilo. Uiyendetse mpaka itenthe, ukhale pa 60 mpaka 70 phazi mopepuka kwa kanthawi ndithu, wailesi itazimitsidwa, umve ngati ikunjenjemera. Ndipo akakuuza kuti oyilo ndi madzi zonse angosintha dzulodzulo, funsa chifukwa chake ndipo akuonetse lisiti la garaja imene inasintha.

Zonse zikakhala bwino igule, ndi galimoto yogwira ntchito, koma pokambirana mtengo uchotseretu ndalama ya rediyeta yatsopano ndi cooler yapadera, ndipo uchoke pamenepo kulunjika ku garaja, osadikira mwezi wamawa. Chilichonse chimene akulonjeza alembe papepala asaine. Amene anandigulitsa aja ndiwaimbiranso Lachisanu, ndipo akapanda kuyankha ndipita ndekha ndi bilu yonse m'manja.