Goal Seek, brentq kapena fsolve: chida chiti pa samu ya mapaipi?

Paipi yotsitsa madzi kuchokera pa thanki ya pamtunda kupita ku nyumba za ku Chibavi kapena Mchengautuwa ku Mzuzu imataya mphamvu m'njira. Kuti mudziwe imene yatayika, mufunika f, nambala yoyeza kukhulana kwa madzi ndi paipi, wa mu ikwezhoni ya Colebrook ya 1939. Vuto lake, f ali mbali zonse ziwiri ndipo sapatulika papepala, ndiye kompyuta imachita kuyesa nambala mpaka mbalizo zifanane. Pa Reynolds (nambala yosonyeza mayendedwe a madzi m'paipi) 100,000 ndi kukhakhala kwa paipi, poyerekeza ndi kukula kwake, kwa 0.0001, yankho ndi pafupifupi 0.0185.

Goal Seek ya mu Excel ndi yachangu: selo imodzi ya f, ina ya kusiyana kwa mbali ziwirizo, n'kuiuza kuti ifikitse kusiyanako pa 0. Koma imaima ikangofika mkati mwa Maximum Change, malire a kuphonya kololedwa, yomwe imabwera ili pa 0.001. Ngati selo yanu ikuyerekeza f wanu ndi f wotuluka mu ikwezhoni, 0.001 pa 0.0185 ndi kuphonya kopitirira 5 pa 100 alionse, chikhalirecho Excel ikuti yapeza yankho. Chulukitsani seloyo ndi 1,000,000. Komanso mukasintha kukula kwa paipi siwerengeranso yokha, f wakale amangokhala phee.

Pa nambala imodzi yosadziwika, brentq ya SciPy (zida za samu za mu Python) imaposa zonse. Mumaipatsa malire awiri, monga 0.008 ndi 0.1, pomwe kusiyanako kuli pamwamba pa 0 mbali ina, pansi mbali inayo. Situluka m'malirewo, motero singasochere. Malire akalakwika imakana pomwepo.

Mapaipi akakhala ambiri okumana pa thanki zingapo, brentq sigwiranso. Apa mpamene fsolve, ya SciPy yomweyo, imalowa, koma n'njofuna kuiyang'anira. Imayambira pa nambala imene mwaipatsa, ndipo f akalumphira pansi pa 0, sqrt (square root) imatulutsa nan, kutanthauza kuti si nambala. Choipa kwambiri n'choti imabwezabe nambala, chenjezo lili kamzere kamodzi kosavuta kukaphonya. Ikani full_output=True, muone ngati ier, chizindikiro choti yapezadi yankho, ali 1, kenaka bwezani yankholo mu ikwezhoni. Kufunafuna x = 1/sqrt(f) m'malo mwa f, kuyambira pa 7, kumachotsa vuto la sqrt.

Pulogalamu ina ya samu, Mathcad, ili ndi chake chimene zinazi zilibe: imatsata mayuniti, ndipo mukaphatikiza mamita ndi ma pascal (muyeso wa presha) imakaniratu. Koma laisensi yake yathunthu njolipira, pamene SciPy njaulere ndipo mukangoiika pa laputopu sifunanso bandulo.