Booking, Expedia ndi Airbnb: ndani akudyerera kwambiri pa alendo?

Eni maloji ambiri ku Cape Maclear, Monkey Bay ndi Nkopola amawadziwa makampani atatuwa ngati malo otsatsirapo zipinda pa intaneti. Koma onse atatu ali pa msika wa masheya wa Nasdaq ku America, ndipo chaka chilichonse amalengeza ndalama zomwe apeza.

Booking Holdings, mwini wa Booking.com, Agoda ndi Kayak, ndiye mkulu wa onse. Mu 2024 inalowetsa madola 23.7 biliyoni, phindu n'kukhala 5.9 biliyoni. Expedia, yomwe ilinso ndi Hotels.com ndi Vrbo, inalowetsa 13.7 biliyoni koma phindu linali 1.2 biliyoni basi. Ndiye kuti pa madola 100 aliwonse, Booking imatsala ndi pafupifupi 25, Expedia ndi 9. Airbnb ndi yaing'ono, 11.1 biliyoni, koma kasungidwe kake ka phindu sikasiyana kwenikweni ndi ka Booking.

Pomwe ndimawayezera ine ndi 2020, chaka chomwe Covid-19 inatseka mabwalo a ndege, mabwato n'kumangogona pamchenga ku Chembe. Ndalama za Booking zinatsika kuchoka pa 15.1 biliyoni kufika pa 6.8 biliyoni, komabe sinaluze. Expedia inaluza madola opitirira 2 biliyoni ndipo inasiya kugawira eni masheya phindu mpaka 2025. Airbnb inalowa pamsika mu Disembala chaka chomwecho, sheya imodzi madola 68, ndipo tsiku loyamba lomwelo mtengo unawirikiza kawiri. Amene anathamangira kugula madzulo a tsikulo anadikira pachabe: pakutha pa 2024 mtengo unali pansi pa umene anagulira. Sheya ya Booking nthawi imeneyo inali itadumphako madola 5,000.

Ndalama zimenezi, anzanga, zimachokera kwa ife tomwe. Mzungu akagona masiku atatu pa loji yanu kudzera pa Booking.com, amalipira pa risepushoni, inu n'kumaona ngati zonse ndi zanu. Mwezi ukatha imabwera invoisi ya komishoni, nthawi zambiri pafupifupi 15 peresenti. Chambo mwagula ndinu, dizilo wa jenereta ndinu, wochapa zofunda mwamulipira ndinu. Komabe ndikadakhala ndi loji ya zipinda khumi, ndikadayamba ndi Booking.com, chifukwa mphamvu zake zili ku Ulaya komwe kumachokera alendo ambiri a kunyanja. Expedia ndi yolimba kwawo ku America. Airbnb ikuyenera amene ali ndi kanyumba kamodzi m'mbali mwa nyanja kobwereketsa banja lonse.

Kugula masheyawa tili kuno ndiye nkhani ina. Pamafunika madola, omwe ngakhale amalonda akuluakulu akuwasowa kubanki, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chomwe munthu wa ku Mangochi angafikire ndi Sunbird Tourism, mwini wa Sunbird Nkopola, yomwe ili pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre ndipo masheya ake amagulidwa ndi makwacha kudzera kwa broker, munthu wovomerezeka kugula ndi kugulitsa masheya m'malo mwa ena. Kungoti musaiyese Booking yaing'ono. Sunbird ili ndi nyumba zofuna penti ndi antchito oyembekezera malipiro mwezi ndi mwezi, kaya alendo abwera kaya ayi. Booking imadya komishoni pa mabedi a eni ake.