Mankhwala a utitiri odontheza pakhosi pa galu ndi mphaka: ndemanga yanga patatha miyezi itatu

Ndimakhala kufupi ndi Mtunthama kuno ku Kasungu. Pakhomo tili ndi galu mmodzi ndi mphaka mmodzi, ndipo mphakayo ndiye mlonda wa matumba a chimanga ndi mtedza, choncho amalowa m'nyumba nthawi iliyonse imene wafuna. Utitiri unatigwera mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinayamba kuona mwana wathu wamng'ono akudzikanda mu akakolo mpaka tizilonda, galu naye usiku onse kungomva ali kwekwerekwekwere pakhonde. Mayi a kunyumba ankati ndi nsikidzi, tinatulutsa mabedi panja, osapeza ngakhale imodzi.

Tinayesa zodziwika zija. Tinawaza phulusa pogona galu, tinamusambitsa ndi sopo wochapira, kenako ndinagula ufa wina pamsika, womangidwa m'kapepala kopanda dzina. Galu anangochita zidzolo pamimba, utitiri uli chikhalire. Ndalama imeneyo imandiwawa mpaka lero.

Amene anatiwongolera ndi alangizi a ziweto, tsiku lomwe ankabaya agalu katemera wa chiwewe. Anapesa ubweya wa kumsana kwa galu pamwamba pa kansalu koyera konyowa. Tinagwa tinthu takuda ngati tsabola wopera, ndipo posakhalitsa tinasungunuka n'kusiya madontho ofiira. "Bambo, awa ndi magazi a galu wanu, ndi ndowe za utitiri zimenezi," anatero. Anatukulanso mlomo wa galuyo kundionetsa usinini, womwe unali utayamba kuyezuka. Pamenepo ndinachita mantha, poti ana agalu amatha kufa ndi kuchepa kwa magazi chifukwa cha tizilombo tomweti.

Anandiuza kuti ndifune mankhwala odontheza okhala ndi fipronil. Dzina la kampani sinditchula chifukwa alipo angapo, inu ingowerengani pa paketi. Amene ndinagula ine ali ndi fipronil pamodzi ndi methoprene, woletsa mazira ndi mphutsi za utitiri kukula. Anandibweretsera mlamu wanga kuchokera ku sitolo ya mankhwala a ziweto ku Lilongwe. Mankhwalawa amabwera m'timachubu ting'onoting'ono, ndipo a galu amatengera kulemera kwake. Wathu tinamuika m'thumba n'kumupachika pa sikelo yoyezera mtedza, anakwana makilogalamu 14. Kathiridwe n'kosavuta: mupatula ubweya kumbuyo kwa khosi, pakati pa mapewa pomwe sangadzinyambite, mufinyira pakhungu penipeni osati pa ubweya. Mankhwalawo amayenda okha ndi mafuta a pakhungu mpaka thupi lonse. Osamusambitsa kwa masiku awiri, ndipo ana asamugwire mpaka pauma.

Kutacha, pa chiguduli chomwe galu amagonapo panali utitiri wakufa mbwee. Usiku wotsatira anagona osadzikanda, ifenso tinagona. Pamenepa mankhwalawa ndiwayamikira ndi mtima wonse.

Koma patatha sabata ziwiri kulumwa kunayambiranso, ndipo ndinakwiya poganiza kuti andigulira achinyengo. Alangizi aja ndi amene anandifotokozera, ndipo izi ndi zomwe ndikufuna aliyense amve asanagule. Utitiri womwe mumauona pa chiweto ndi gawo lochepa chabe, pafupifupi 5 pa 100 alionse. Otsalawo ndi mazira, mphutsi ndi zikwa, zili m'ming'alu ya pansi, m'mikeka, pansi pa mipando, m'fumbi la kuseri kwa matumba. Utitiri waukazi umodzi umaikira mazira mpaka 50 pa tsiku, ndipo sakakamira pa ubweya, amangoyoyoka paliponse pomwe chiweto chadutsa. Wa m'chikwa umatha kudikira miyezi, n'kutuluka ukamva kutentha ndi kugwedezeka kwa pansi munthu akamayenda. Ndiye mankhwala anali akugwira ntchito ndithu, koma nyumba ndi imene inkabereka wina.

Apa ndi pomwe tinavala dzilimbe. Chiguduli chakale tinawotcha. Zofunda ndi nsalu za pamipando tinkaviika m'madzi otentha sabata iliyonse, mikeka kuiyanika padzuwa tsiku lonse n'kuikutumula kutali ndi nyumba. Kusesa tsiku ndi tsiku, zinyalala kuwotcha pompopompo, osataya kuseri. Matumba tinawakweza pa thandala kuti tsache lizilowa pansi. Khitchini ya panja mayi anaizira mwatsopano, ine ndinamata ndi simenti ming'alu ya pabalaza. Mankhwala tinathira mwezi ndi mwezi, katatu, galu ndi mphaka tsiku limodzi. Mukathira mmodzi yekha, winayo asanduka nkhokwe ya utitiri.

Za mphaka ndikupempha mumvetsetse. Ali ndi kachubu kakekake, musamugawire ka galu. Mankhwala ena a agalu amakhala ndi permethrin, yemwe kwa mphaka ndi poizoni, amanjenjemera mpaka kufa. Dibi ya ng'ombe, kapena mankhwala othira ku chimanga ndi fodya, musayerekeze n'komwe, ngakhale ndikudziwa kuti kwathu kuno mayesero ake ndi aakulu chifukwa botolo limakhala lili kale m'nyumba. Fipronil yemweyu sathira ana agalu ndi amphaka osakwana sabata 8, ndipo amene mukuweta akalulu mumuike patali, amawapha.

Chinanso chomwe sindinkachidziwa: pansi pa mchira wa mphaka tinaona tinthu toyera ngati mpunga. Ndi zidutswa za njoka za m'mimba, zomwe chiweto chimatenga chikameza utitiri podzinyambita. Mankhwala odonthezawa sapha njoka, tinagula mapiritsi a praziquantel padera.

Chondidandaulitsa ndi mtengo. Kwa mlimi ngati ine, machubu asanu ndi limodzi ndi ndalama yomveka, makamaka nyengo yomwe maso onse ali pa feteleza. Malangizo nawonso ndi a Chingerezi chokhachokha, zilembo zake ngati nyerere, moti agogo akumudzi sangawatsate popanda wowawerengera.

Tsopano ndi Januwale, mvula ili mkati. Dzulo ndinapesanso galu pa kansalu konyowa kaja, sipanagwe kanthu, ndipo usinini wake wabwerera kufiira. Tizilonda ta mwana tinapola, patsala timabala takuda mu akakolo. Ndatumizanso mlamu uja machubu ena awiri, chifukwa agalu a anzathu oyandikana nawo amabwerabe kudzagona pansi pa mtengo wa mango pakhomo pano.