Ndemanga pa kampani yofufuza zomera pamalo okumba malasha ku Rumphi

Tisanapemphe chilolezo chokumba malasha m'boma la Rumphi, tinalemba ntchito kampani ina kuti ifufuze zomera za pamalopo, popeza lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna lipoti la mmene ntchito ingakhudzire chilengedwe, limene bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA limaunika ntchito isanayambe. Chimene ndinayamikira kwambiri n'chakuti akatswiriwo anakana kutsiriza kafukufukuyo m'chilimwe, chifukwa chinaka ndi maluwa ena omera pansi amaonekera m'dzinja mokha, choncho anabweranso mu Januwale mvula ili pakati. Mitengo ya mlombwa anaiika pamapu umodziumodzi, ndipo zomera zimene sanazizindikire anakazifananitsa ndi zosungidwa ku National Herbarium, malo osungirako zitsanzo za zomera, ku Zomba. Chondidandaulitsa n'chakuti lipotilo linachedwa, komanso silinafotokoze mokwanira mmene dothi lapamwamba lidzasungidwire pofukula.