Valavu yachitsulo kapena ya mnofu wa nyama: wodwala mtima wa ku Mangochi asankhe iti?

Mwa achinyamata amene valavu ya mtima (kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo) inawonongeka, ambiri vuto lawo linayamba ndi zilonda zapakhosi zomwe sizinachizidwe ali ana. Akaunikidwa mtima ku Queen Elizabeth ku Blantyre n'kupezeka kuti akufunika opaleshoni, yomwe Amalawi ambiri amakachitira ku India, banja liyenera kufunsa kaye ngati valavu yakeyo ingathe kukonzedwa. Zikakanika, pamatsala njira ziwiri.

Valavu yachitsulo, yomwe masiku ano imapangidwa ndi kaboni, ndi yolimba kwambiri moti kawirikawiri munthu amakalamba nayo, ndipo pakakhala bata usiku imamveka kugunda ngati wotchi. Vuto lake ndi loti magazi amaundana pamenepo, choncho wodwala amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku lililonse moyo wake wonse ndi kuyezetsa magazi pafupipafupi, muyezo umene madokotala amautcha INR. Pa valavu ya mitral, imodzi mwa mavalavu a kumanzere kwa mtima, muyezowu umayenera kukhala pakati pa 2.5 ndi 3.5, ukatsika munthu angathe kufa ziwalo, ukakwera angathe kutaya magazi mkati mwa thupi. Kuno zousokoneza ndi zambiri. Bonongwe, chisoso ndi nkhwani zimachepetsa mphamvu ya warfarin ngati munthu azidya mochuluka nthawi ya dzinja n'kuzisiya m'chilimwe. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin nawonso amaichepetsa, pomwe Bactrim, amene ambiri omwa ma ARV amalandira, amaiwonjezera. Munthu wa ku Makanjira kapena ku Katuli ayenera kudziwiratu komwe azikayezetsa, komanso ngati ndalama yoyendera izipezeka ngakhale mvula itawononga msewu.

Valavu ya mnofu imapangidwa kuchokera ku mtima wa nkhumba kapena ku kachikopa kokuta mtima wa ng'ombe, ndipo m'bale wathu wachisilamu angathe kupempha ya ng'ombe asanalowe m'chipinda cha opaleshoni. Ambiri amene ali nayo safunika warfarin moyo wonse. Koma imatha pakapita zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa achinyamata imatha msanga kuposa pamenepo, kutanthauza opaleshoni yachiwiri, yoopsa kuposa yoyamba, ndi ulendo wina wodula wakunja.

Mabuku a madokotala amati munthu wosakwana zaka 50 imamuyenera yachitsulo, koma malangizowo analembedwa poganizira odwala okhala pafupi ndi labotale. Ine ndikuona kuti mphunzitsi wa pa Boma, amene angathe kuyezetsa mwezi ndi mwezi, yachitsulo imukomera. Mtsikana wakumudzi amene akufuna kudzabereka nkhani yake ndi ina, chifukwa warfarin amatha kupundula mwana m'mimba, makamaka pakati pa sabata 6 ndi 12, ndipo kungomusiya mankhwalawo kumaika moyo wa mayiyo pachiswe. Ameneyu ndingamulimbikitse ya mnofu, bola auzidwe mosabisa, iye ndi abale ake, kuti tsiku lina adzabwereranso ku opaleshoni. Kaya asankhe iti, jekeseni wa penicillin wa milungu 4 iliyonse, woteteza kuti matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi aja asabwerenso, apitirize mpaka dokotala atamuuza kuti asiye.