Maphunziro a ma marshal ndi abwino, koma pakona ndinaima ndekha

Ndimakonza magalimoto ku Chilenje, ndipo chikondi cha mipikisano ya magalimoto ndinayamwira kwa malemu atate anga. Ankanditenga ndili kamnyamata kukaonera a Satwant Singh akutibula fumbi, munthu amene anatenga ukatswiri wa Africa yense maulendo 8. Pambuyo pake kunabwera a Muna Singh mu 2004 ndi 2005, kenako a Jassy Singh mu 2013. Choncho kalabu ina muno mu Lusaka italengeza pa Facebook kuti ikuphunzitsa kwaulere anthu ofuna kudzipereka ngati ma marshal, oyang'anira chitetezo m'mbali mwa msewu wa mpikisano, ndinatseka galaja Loweruka n'kupita.

Maphunzirowo ndiwayamikire kaye, chifukwa anandikwana. Aphunzitsi athu anali bambo wachikulire wa imvi, ndipo sanatisunge nthawi yaitali pamipando. Anatitulutsa panja pomwe panaima galimoto ya mpikisano n'kutilozera kachizindikiro ka mphezi yofiira mkati mwa makona atatu a buluu: pamenepo ndi podulira magetsi onse galimoto ikachita ngozi. Pambali pake pali chilembo E chofiira, choyatsira zozimira moto za m'galimotomo. Zaka zonsezi ndikugwira sipanala, zimenezi sindinkazidziwa. Aliyense wa ife anasolola pini ya chozimira moto yekha n'kuphunzira kuloza patsinde pa moto, osati pamalawi. Mbendera tinazibwereza mpaka zitakhazikika m'mutu: yachikasu kutsogolo kuli zoopsa, yofiira mpikisano waima, yabuluu kumbuyo kukubwera wothamanga kwambiri. Dalaivala wovulala osam'vula chisoti, dikirani achipatala.

Kenako anatiuza za ngozi ya pa bwalo la mipikisano la Kyalami ku South Africa mu 1977. Marshal wina, mnyamata wa zaka 19, Frederik Jansen van Vuuren, anathamanga kuwoloka msewu atanyamula chozimira moto, ndipo anagundidwa ndi galimoto ya Tom Pryce. Onse awiri anafera pomwepo. Aphunzitsiwo anandiyang'ana ine amene ndinali pafupi nawo n'kunena kuti, "Aphwanga, musafulatire kumene galimoto ikuchokera, ndipo pamalo panu musaimepo nokha."

Mawu omalizawo ndi amene akundilembetsa izi. Tinaphunzira anthu 24. Tsiku la mpikisano tinafika 10.

Anzanga enawo sindikuwaimba mlandu. Tinauzidwa kuti tikumane 5 koloko m'mawa ku famu ina kunja kwa tauni, kumene minibasi sifika, ndipo za mayendedwe aliyense adzionere yekha. Ambiri mwa ophunzirawo anali achinyamata a ku koleji ndi ena osagwira ntchito, a ku Matero, ku Kanyama, ku Mtendere. Usiku umenewo akwera chiyani? Ine ndinafika chifukwa ndili ndi kaveni kanga.

Anandiika pakona ina pafupi ndi mudzi, ndekhandekha. Wailesi m'manja, chozimira moto pansi, kumbuyo kwanga ana osawerengeka akukankha chingwe. Magalimoto ankanyamuka motalikirana mphindi 2. Ina itangodutsa, fumbi likadali tolotolo, kamtsikana kobereka mng'ono wake kanalowa pansi pa chingwe kufuna kuwoloka. Iko kanaona ngati zatha. Ine ndinali nditamva kale kulira kwa injini ina kuseri kwa mitengo. Ndinaponya wailesi pansi, kukagwira pamkono n'kukakokera m'maudzu, ndipo galimoto inadutsa miyala ikutithothokera kumiyendo. Mwana wa kumsanayo analira kwambiri. Nditatola wailesi, a ku likulu la mpikisano anali akhala akuitana malo anga kangapo osayankhidwa. Tikanakhala awiri, wina akanayang'ana anthu, wina msewu ndi wailesi, monga tinaphunzirira.

Madzi akumwa sanabwere. Chakudya chinafika cha m'ma 15 hours, dzuwa litatiwamba kale.

Ndalama sindikupempha, ndinadziwa kuti ndi ntchito yodzipereka. Chimene chikundiwawa ndi kuona anthu akuphunzitsidwa bwino chonchi kenako n'kutayika chifukwa cha zinthu zazing'ono. Minibasi imodzi yonyamukira pa Kulima Tower, madzi, buledi ndi chipewa cha dzuwa, sindikhulupirira kuti zingafike pa mtengo wa matayala amene galimoto imodzi imamaliza pa tsikulo. Ndipo mpikisano utatha, anzanga amene ndinawafunsa akuti palibe anawaimbira foni kufunsa chimene chinawalepheretsa.

Wofuna kuphunzira apite, sadzanong'oneza bondo. Koma afunsiretu kuti pamalo pake adzaima ndi ndani, ndipo anyamule madzi akeake okwanira tsiku lonse, nsapato zotseka ndi zovala za thonje, chifukwa nayiloni imasungunukira pakhungu moto ukayandikira. Ine ndalembetsanso mpikisano ukubwerawu, ndipo ndauza gulu lathu la pa WhatsApp kuti m'kaveni kanga muli malo a anthu 6. Tidzanyamukira pa msika wa Chilenje 4 koloko m'mawa.